Dontho la oyilo pansi pa galimoto yakale: pimani musanamasule injini

Aliyense amene anasungapo galimoto yakale amaudziwa mwambo wa m'mawa. Asanalize injini amayamba wawerama n'kusuzumira pansi. Pasimenti kapena padothi pamakhala kabanga kakuda, chapakati pa galimoto, pomwe injini imakumana ndi giyabokosi. Ena amayalapo katoni, ena amathirapo mchenga n'kumati galimoto yakale ndi mmene imakhalira. Enanso amangoyenda ndi chigubu cha oyilo kuseri kwa mpando.

Makaniko akaona banga limeneli kawirikawiri amatchula chinthu chimodzi: rear main seal. Iyi ndi mphete yaing'ono yotsekera oyilo kumbuyo kwa injini. Mtengo wake ndi wochepa poyerekeza ndi zipangizo zina, koma kuti dzanja liyifikire pamafunika kutsitsa giyabokosi kapena kuzula injini yonse. Chokhumudwitsa n'chakuti ambiri amalipira ntchito yonseyi, patangopita masabata ochepa banga lija n'kubwereranso. Nthawi zambiri vuto silikhala seal yatsopanoyo. Limakhala kuti palibe amene anafufuza komwe oyilo akuchokera, kapena chimene chinapha seal yoyamba ija.

Dontho limodzi si laling'ono

Kuchipatala, machubu ambiri a diripi amawerengera kuti madontho 20 amapanga mililita imodzi. Tibwereke masamu omwewo, ngakhale madontho a oyilo amasiyanako kukula. Injini ikamataya dontho limodzi pa sekondi iliyonse, pa ola limodzi yataya madontho 3,600, omwe ndi mamililita 180. Pa ulendo wa maola 6 yataya oyilo woposa lita imodzi. Pa injini zambiri, lita imodzi ndi pafupifupi mpata wonse wa pakati pa mzere wapamwamba ndi wapansi pa kachitsulo kopimira oyilo.

Banga la pansi pa galimoto limanamiza chifukwa seal imeneyi imadontha kwambiri injini ikamalira, oyilo atatentha n'kupepuka. Zimene mumaona m'mawa ndi zotsalira chabe. Oyilo wambiri amathera mumsewu.

Choopsa chachiwiri ndi kilatchi. Seal ili pafupi kwambiri ndi flywheel, chitsulo cholemera chozungulira chomwe kilatchi imagwirapo. Oyilo akafika pambale ya kilatchi, galimoto imanjenjemera ponyamuka, kenako imayamba kuterereka: injini ikulira kwambiri koma liwiro osawonjezereka. Izi zimaonekera pachitunda galimoto italemedwa, pamalo pomwe simungafune kuti mphamvu ikuthereni. Mbale yonyowa oyilo sichapika bwino, imafunika kusintha.

Momwe seal imagwirira ntchito

M'kati mwa injini muli chitsulo chachitali chotchedwa crankshaft, chomwe chimasandutsa kukwera ndi kutsika kwa mapisitoni kukhala kuzungulira. Chitsulochi chimagona pa mabering'i amene pampu imawathira oyilo mosalekeza. Koma mphamvu yake iyenera kutuluka kunja kuti ikafike ku magiya, choncho nsonga yake yakumbuyo imaboola khoma la injini. Apa ndi pamene pali vuto: chitsulo chizizungulira momasuka pabowo, koma oyilo asatuluke nacho.

Injini ikamazungulira ka 3,000 pa mphindi, ndiye kuti crankshaft ikuzungulira ka 50 pa sekondi. Ngati pomwe seal imakhudza ndi potambalala masentimita 6, chitsulo chimadutsa pansi pa mlomo wa seal pa liwiro loposa mamita 9 pa sekondi. Mphira wouma sungapirire mkhutizano wotero. Ukhoza kupsa m'mphindi zochepa.

Chinsinsi chake n'chakuti seal yabwino sikanda chitsulo chouma. Pakati pa mlomo wake ndi crankshaft pamakhala oyilo wopyapyala kwambiri, wochepa kutali poyerekeza ndi kunenepa kwa tsitsi limodzi. Oyilo ameneyu amafewetsa ndi kuziziritsa mlomowo. Kapangidwe ka mlomo kamachititsa kuti chitsulo chikamazungulira, oyilo azikankhidwira m'kati mwa injini. N'chifukwa chake seal ili ndi kutsogolo ndi kumbuyo. Mlomo ndi kasipuling'i kake ziyenera kuyang'ana komwe kuli oyilo. Mukaitembenuza, imathandiza oyilo kutuluka.

Mitundu inayi ya m'injini zakale

Njira yoyamba ilibe mphira n'komwe. Injini ya A-series ya kampani ya BMC, yomwe inayamba mu 1951 ndipo inkapezeka mu Austin A30 ndi Morris Minor, inali ndi timizere tozokotedwa pa crankshaft tooneka ngati mazinga a bauti. Chitsulo chikamazungulira, timizereto timabweza oyilo m'kati. Injini zotere zimatha kusiya kadontho ngakhale zili bwino, ndipo zimadontha kwambiri mabering'i akatha.

Yachiwiri ndi chingwe cholukidwa chomwe chimapanikizidwa m'kangalande kuzungulira crankshaft. Injini yotchuka ya V8 yaing'ono ya Chevrolet itatuluka ku America mu 1955 inali ndi chingwe chotere. Zingwe zambiri za nthawi imeneyo zinkapangidwa ndi asbestos, nkhani imene tibwererenso.

Yachitatu ndi seal ya mphira yogawika. Chevrolet inasinthira ku seal ya zidutswa ziwiri mu 1959. Land Rover inali ndi yakeyake: mphete imodzi yodulidwa mbali imodzi kuti ithe kukanuka n'kuvekedwa pa crankshaft.

Yachinayi ndi mphete yathunthu yopanda polumikizira. Chevrolet inayamba kuigwiritsa ntchito pa injini ija mu 1986, ndipo ndi imene ili m'galimoto zambiri masiku ano. Imadontha mochepa chifukwa polumikizira paliponse ndi khomo la oyilo.

Kwathu kuno, injini yakale imene amakaniko ambiri anaigwirapo ndi ya Land Rover ya malita 2.25. Inayamba ndi Series II mu 1958 ndipo inapitirira mu Series III, yomwe inapangidwa kuyambira 1971 mpaka 1985. Poyamba crankshaft yake inkagona pa mabering'i atatu ndipo inali ndi seal yodulidwa ija. Cha mu 1980 anaisintha kukhala ya mabering'i asanu, yokhala ndi mphete yathunthu. Musanagule seal, onani nambala ya injini, chifukwa galimoto zambiri zakale zinasinthidwapo injini ndipo chaka cha galimoto sichikuuzani zoona.

Pimani kaye

Oyilo amatsika pansi, ndipo mphepo ya paulendo imamukankhira kumbuyo. Motero kudontha kulikonse kwa pa injini kumathera malo amodzi, pansi pa nyumba ya flywheel. Kuona dontho pamenepo kuli ngati kumva kuti mwana watentha thupi: mwadziwa kuti chilipo chavuta, koma matenda simunawadziwe.

Yambani ndi kutsuka injini yonse ndi mankhwala ochotsera oyilo, ndipo muisiye iume. Wazani paudala kapena ufa woyera kumbuyo kwa injini ndi m'mphepete mwa sampu. Yendetsani galimoto kwa mphindi 15 kapena 20, kenako unikani ndi tochi kuyambira pamwamba. Malo okwera kwambiri amene anyowa ndiwo gwero. Magalaja ena amathira mu oyilo utoto wapadera wowala ukaunikidwa ndi nyali ya UV, koma ufa umagwiranso ntchito.

Pa Land Rover ya 2.25 pali malo angapo amene amanamizira seal. Gasiketi ya chivundikiro cha pamwamba pa injini ikauma, oyilo amatsetsereka kuseri kwa buloko. Kumbuyo komweko kuli kapaipi kotengera oyilo ku hedi, komangidwa ndi mabauti obooka ndi mawashala a kopa. Mawashalawo akatha, oyilo amayenderera mpaka pansi. Palinso gasiketi ya sampu, ndi tizidutswa tiwiri ta cork tooneka ngati chilembo T tomwe timatseka m'mbali mwa chivundikiro cha bering'i yomaliza. Awiri oyambawo mukhoza kuwakonza masana amodzi osatsitsa giyabokosi.

Nunkhizaninso dontholo. Oyilo wa giyabokosi, monga EP90, ndi wolimbirako ndipo ali ndi fungo lamphamvu la sulufule. Wa injini ndi wakuda ndipo amanunkha utsi. Ngati akudontha ndi wa magiya, vuto lili kutsogolo kwa giyabokosi, ndipo kusintha rear main seal n'kutaya ndalama.

Eni Land Rover akumbukirenso kabowo ka pansi pa nyumba ya flywheel. Kabowoka kamatsekedwa ndi bauti yotchedwa wading plug powoloka madzi kapena matope akuya, ndipo pambuyo pake bautiyo iyenera kuchotsedwa. Ena amaisiya dala kuti banga lisaoneke, makamaka pogulitsa galimoto. Oyilo amangodzaza m'katimo mpaka kunyowetsa kilatchi. Pogula galimoto yotere, masulani bautiyo muone chomwe chituluke.

Chinapha seal yakale n'chiyani?

Mukatsimikiza kuti oyilo akuchokeradi pa seal, funso lotsatira ndi ili. Nthawi zina yankho ndi ukalamba basi. Mphira wa nitrile, womwe seal zambiri zakale zinapangidwa nawo, umauma ndi kusweka ukakhala nthawi yaitali pa kutentha kopitirira madigiri 100. Wa Viton umapirira mpaka cha m'ma 200, n'chifukwa chake ndi wokwera mtengo. Galimoto yokhala zaka osayenda imaumitsanso seal. Koma pali zifukwa zina zitatu zomwe seal yatsopano singathetse.

Choyamba ndi mpweya wopanikizana m'kati mwa injini. Petulo kapena dizilo akamayaka, utsi wina umadutsa m'mbali mwa maring'i a pisitoni n'kutsikira komwe kuli oyilo. Injini iliyonse ili ndi potulukira mpweya umenewu, pomwe amakaniko amati breather. Pakatsekeka ndi litsiro, kapena maring'i akatha n'kumadutsitsa utsi wochuluka, mpweya umasowa kolowera ndipo umakankha oyilo pamalo pofooka. Tsegulani pothirira oyilo injini ikulira pang'onopang'ono. Ngati pakutuluka utsi wopemerera ngati wa m'ketulo, pimitsani kaye mphamvu ya masilinda. Breather yotsekeka ikatsukidwa, kudontha kwina kumachepa kapena kutha popanda kumasula china chilichonse. Kuthira oyilo kupyola mzere wapamwamba kumabweretsanso vuto lofanana.

Chachiwiri ndi mabering'i akutha. Crankshaft ikamagwedera, mlomo wa seal umalephera kuitsatira. Imathanso kusuntha chakutsogolo ndi chakumbuyo mopitirira muyezo. Pa injini ya 2.25 kusuntha kumeneku kuyenera kukhala pakati pa milimita 0.05 ndi 0.15. Ngati mukuona flywheel ikusuntha ndi maso wina akaponda kilatchi, muyezowu unapitirira kale.

Chachitatu ndi nkhope ya crankshaft pomwe seal imakhudza. Mphira ndi wofewa, koma pazaka zambiri fumbi lokodwa pamlomo wake limakumba kangalande pachitsulo. Yendetsani chikhadabo pamenepo. Chikakodwa, seal yatsopano idzadontha. Dzimbiri lochepa limachoka ndi sandipepa wosalala kwambiri, mozungulira chitsulo osati motsatira utali wake. Kangalande kakuya kamafuna amisiri okula zitsulo. Pa injini za mphete yathunthu pali timalaya tachitsulo topyapyala, monga Speedi-Sleeve ya kampani ya SKF, tomwe timavekedwa pamwamba pa malo odyekawo.

Kuika seal yodulidwa ya Land Rover

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ntchito iyi ndi ya odekha. Pa injini ya mabering'i atatu, seal imagwiridwa ndi zitsulo ziwiri zooneka ngati theka la mwezi. Chimodzi chimamangidwa kubuloko, china ku chivundikiro cha bering'i yomaliza. Kuti muzifikire muyenera kuchotsa flywheel ndi nyumba yake, sampu ndi chivundikirocho. Ntchito imayenda bwino injini ikakhala pathebulo.

Ukhondo ndiye chiyambi. Palani zotsalira zonse za gasiketi yakale, tsukani ndi kuumitsa. Kamchenga kamodzi kokodwa pansi pa chivundikiro kamasiya mpata wokwanira oyilo. Ngati galaja yanu ili panja pafumbi, phimbani injini ndi nsalu yoyera nthawi iliyonse mukaima.

Yambani ndi kasipuling'i. Kazungulizeni pa crankshaft n'kukola mbedza yake mosakoka kwambiri, chifukwa kakatanuka sikabwereranso. Pakani girisi wa silicone pachitsulo ndi pamlomo wa seal. Kanulani seal pang'ono pokha, pongokwanira kuti ilowe, ndipo musamaivule n'kuivekanso kambirimbiri. Mbali yomwe ili ndi kangalande ka sipuling'i iyang'ane m'kati mwa injini. Lowetsani sipuling'i m'malo mwake ndi kachitsulo kosathwa, polumikizira pake pakhale m'mbali, kutali ndi podulidwa pa seal. Kenako zungulizani seal mpaka podulidwapo payang'ane kumwamba, komwe kuli hedi. Chifukwa chake n'chapafupi: oyilo amasonkhana pansi, ndiye polumikizira pasakhale pamenepo.

Pakani zomatira pang'ono m'kangalande ka zitsulo ziwiri zija ndi pomwe zimakumana. Pang'ono n'pang'onodi. Silicone wochuluka amafinyikira m'kati, n'kuthothoka, n'kukatseka sefa ya pampu ya oyilo kapena njira yobwezera oyilo ku sampu. Zomatira zisafike pamlomo wa seal kapena pa bering'i.

Tizidutswa ta T tija ndi pomwe ambiri amagwera. Timatuluka pang'ono m'mbali mwa chivundikiro, ndipo m'mphepete mwa buloko ndi mwakuthwa. Mukakhomera chivundikiro ndi hamala, cork imametedwa inu osaona. Senderani pang'ono m'mphepete mwake, ipakeni oyilo, ndipo gwiritsani ntchito tizitsulo totsogolera tomangidwa pabuloko kuti ilowe mosalala. Mukamanga, ipatseni nthawi ikhazikike musanadule nsonga zake, ndipo musiye pang'ono, pafupifupi milimita imodzi, kuti sampu ikamangidwa izipanikiza.

Mabauti a bering'i amangidwe ndi sipanala ya torque, pa muyezo wolembedwa m'buku la injiniyo, osati mongomva m'dzanja. Mukatero zungulizani crankshaft ndi manja. Iyenera kuyenda ndi kulemera kofanana ponseponse. Ikamagwira penapake, masulani muone. Ndi bwino kutaya ola limodzi tsopano kusiyana ndi kutsitsanso giyabokosi mwezi wamawa.

Mitundu ina ija

Pa V8 ya Chevrolet ya zidutswa ziwiri, ntchito imatheka injini ili m'galimoto. Mumachotsa sampu, pampu ya oyilo ndi chivundikiro cha bering'i yomaliza. Chidutswa chapamwamba mumachikankha ndi kachitsulo kofewa, monga ka brass, kuti chizungulire n'kutulukira mbali ina. Chitsulo cholimba chikakanda crankshaft, mwadzipangira kudontha kwatsopano. Polowetsa chatsopano, ikani kapulasitiki kopyapyala pakati pa seal ndi m'mphepete mwa buloko kuti msana wake usametedwe. Amakaniko ambiri amazungulizako zidutswazo pafupifupi sentimita imodzi kuti polumikizira pa seal pasafanane ndi polumikizira pa chivundikiro ndi buloko.

Chingwe chimafuna crankshaft itachotsedwa kuti chikhale bwino. Chimapanikizidwa m'kangalande pogubuduza chitsulo chobulungira kuchokera kunsonga kupita pakati, ndipo nsonga zimadulidwa ndi mpeni wakuthwa kwambiri kuti ulusi usakodwe pansi pa chivundikiro. Chikathina kwambiri chimatentha n'kupsa. Chikalekerera chimadontha.

Mphete yathunthu imafuna kulowa mowongoka. Ikhomereni ndi chitsulo chogwira m'mphepete monse nthawi imodzi, osati ndi sikuludiraiva mbali ndi mbali. Werengani pepala lobwera nayo: seal za mphira zimapakidwa oyilo pamlomo, koma zambiri za PTFE zimaikidwa zouma, ndipo zimabwera ndi kapulasitiki kotsogolera komwe sikayenera kuchotsedwa msanga. Pa injini zina, mabowo a mabauti a flywheel amaboola mpaka komwe kuli oyilo, choncho mazinga ake amafuna zomatira.

Thupi la makaniko

Ntchito iyi imachitika munthu atagona pansi pa chitsulo cholemera kuposa tani imodzi. Jeke ndi yonyamulira, si yogonera pansi pake. Ikani galimoto pa zoimikira zachitsulo pamalo olimba ndi osatsetsereka, ndipo tsekerani matayala. Njerwa ndi mabuloko a simenti zimasweka mwadzidzidzi popanda chenjezo. Munthu wopsinjidwa pachifuwa amalephera kupuma m'mphindi zochepa, choncho musagwire nokha. Giyabokosi ya Land Rover pamodzi ndi transfer box si katundu wolandira ndi manja kapena ndi chifuwa. Chotsaninso waya wa batire musanayambe.

Choopsa china sichioneka ndi maso. Mbale za kilatchi zakale, magasiketi ena ndi zingwe za seal zinkakhala ndi asbestos. Ulusi wake wosaoneka ukalowa m'mapapo sutulukanso, ndipo umayambitsa kuuma kwa mapapo, khansa ya m'mapapo ndi khansa ya kachikopa kokuta mapapo yotchedwa mesothelioma. Matendawa amaonekera patapita zaka 20 kapena kuposerapo, munthu ataiwala kale galimoto imene anaigwira. Osuta fodya ndiwo ali pachiopsezo chachikulu cha khansa ya m'mapapo. Fumbi lakuda la m'nyumba ya flywheel musaliuzire ndi kompuresa kapena pakamwa, ndipo musalisese louma. Linyowetseni ndi madzi a sopo, lipukuteni ndi nsanza, n'kumanga nsanzazo m'jumbo. Zovala za ku galaja zisakung'unthidwe pakhomo pomwe ana akusewera.

Oyilo wakutha nayenso si mnzake wa khungu. Amachotsa mafuta achilengedwe a pakhungu, manja n'kuyamba kuuma, kuyabwa ndi kung'aluka, ndipo amatseka timabowo ta ubweya n'kuyambitsa tiziphuphu. Mulinso zotsalira za utsi zomwe zimadziwika kuti zimayambitsa khansa. M'zaka za m'ma 1920, madokotala ku England anazindikira kuti amuna ambiri ogwira ntchito pa makina opota thonje ankadwala khansa ya pakhungu la kumaliseche chifukwa cha oyilo wa makina amene ankanyowetsa zovala zawo tsiku ndi tsiku. Oyilo watsopano wa masiku ano ndi woyengedwa bwino kuposa wa nthawi imeneyo, koma phunziro lake likadalipo: valani magolovesi, musasunge nsanza ya oyilo m'thumba la buluku, ndipo ovololo yonyowa ichapidwe.

Sambani m'manja ndi sopo, osati ndi petulo kapena parafini. Petulo ali ndi benzene, yemwe amalowa kudzera pakhungu ndi m'mapapo ndipo amayambitsa khansa ya m'magazi. Chilonda kapena chotupa cha pakhungu chosapola pakatha masabata angapo chikaonedwe kuchipatala. Oyilo wakutha asapakidwe pabala, ndipo asatayidwe m'ngalande kapena pafupi ndi chitsime. Msungeni m'chigubu chotseka, osati m'botolo la zakumwa lomwe mwana angalitole.

Tsiku loliza injini

Giyabokosi ikadali pansi, onani mbale ya kilatchi ndi bering'i yake. Ngati zatha kapena zanyowa, sinthani tsopano, chifukwa ntchito yozifikira mwailipira kale. Flywheel ipukutidwe mpaka pasatsale oyilo.

Mukamanga zonse, zipatseni zomatira nthawi youma monga mwalembedwera pa chubu chake. Thirani oyilo mpaka pamzere, osapyola. Lizani injini panja kapena zitseko zili zotsegula, chifukwa utsi wa galimoto uli ndi mpweya wa carbon monoxide, wopanda fungo, umene umagonetsa munthu asanazindikire kuti zavuta. Onetsetsani kuti nyali ya oyilo yazima m'masekondi ochepa. Isiyeni injini itenthe, kenako izimitseni n'kuunika.

Mukaona kadontho tsiku loyamba musafulumire kukhumudwa. Oyilo wakale amabisala m'makona ndipo amatuluka akatenthedwa. Pukutani, wazaninso ufa uja, yendani masiku angapo, n'kumapima oyilo m'mawa uliwonse galimoto itaima pamalo osapendekeka. Mankhwala a m'mabotolo olonjeza kuletsa kudontha amangotupitsa mphira pang'ono. Angathandize seal youma kwa kanthawi, koma sangakwirire kangalande pachitsulo kapena kubwezeretsa bering'i yakutha.

Kwa mwini galimoto amene sagwira yekha sipanala, pali mafunso atatu ofunsa makaniko asanatsitse giyabokosi. Mwatsuka injini n'kuona pomwe oyilo akuyambira? Breather ili bwino? Nanga mukatsegula, mudzandionetsa nkhope ya crankshaft musanaike seal yatsopano? Mmisiri wodziwa ntchito yake sakwiya ndi mafunso amenewa, chifukwa nayenso safuna kugonanso pansi pa galimoto yomweyo kawiri.